Thandizeni maganizo: mafayilo a anthu angongole ndikusunga pansi pa bedi, ndisayine chikalatachi?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin, zikomo pondibisira dzina.

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yobwereketsa ndalama kuno ku Zomba. Makasitomala athu ambiri ndi aphunzitsi, anamwino ndi amayi a geni a ku Mpondabwino. Miyezi yapitayi mabwana anachepetsa ofesi n'kutiuza kuti ife oona za ngongole tizigwirira kunyumba, kuofesi tizipita Lolemba lokha. Poyamba ndinakondwa, poti ya kabaza yochokera ku Chinamwali tsiku ndi tsiku inayamba kutsala m'thumba.

Koma taonani mmene zilili. Nyumba yanga ndi ya lendi, zipinda ziwiri, khoma limodzi ndi aneba. Ma payslip a anthu, makope a ziphaso za unzika, manambala a akaunti, zonse zili m'katoni pansi pa bedi chifukwa kabati yokhoma sanatipatse. Sabata yatha ndinapeza mwana wanga wa sitandade 2 atajambula galimoto kuseri kwa fomu ya mphunzitsi wina.

Chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. Ndinkaimbira bambo wina amene wadumphitsa miyezi iwiri osabweza. Ndinatchula dzina lawo ndi ndalama yomwe, osadziwa kuti mayi a nyumba inayo akuchapa kuseri kwa windo. Amapemphera mpingo umodzi ndi bambowo. Madzulo ake anandifunsa monong'ona kuti, "Kani a ujeni nawonso ali m'ngongole?" Ndinasowa poyang'ana. Munthu uja anabwera kwa ife mwachinsinsi, mkazi wake akudwala.

Tsopano atitumizira chikalata choti tisayine pofika Lachisanu. Chikuti chinsinsi cha kasitomala chikaululika, kapena laputopu ikabedwa, mlandu ndi wanga ndipo adzandidula pa malipiro. Za bandulo, za magetsi akazima, za mafoni a bwana a 9 koloko usiku, sichikutchula ngakhale pang'ono. Ndisayine? Ndikakana sandichotsa? Odziwa malamulo ndithandizeni.

Bambo wa ku Matawale, woona za antchito: Achemwali, musathamangire. Employment Act ya 2000, yomwe ndi lamulo la za ntchito, imakutetezani ngakhale mukugwirira pa mkeka kwanu. Maola a ntchito sayenera kupitirira 48 pa sabata, ndipo owonjezera pa tsiku wamba amalipiridwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Gulani kope, muzilemba nthawi imene bwana waimba ndi imene mwamaliza. Chikalatacho kachionetseni ku ofesi ya leba ya boma musanaikepo dzanja, makamaka ndime yodula malipiroyo.

Wophunzira zamalamulo: Ndiwonjezereko. Tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act ya 2024, lomwe amayang'anira ndi a bungwe la MACRA. Amene anatolera zinsinsi za anthu ndi kampani, ndiye udindo woziteteza umayambira kwa iyo. Singakupatseni katoni n'kusamba m'manja. Komanso makampani obwereketsa ndalamawa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank pansi pa Microfinance Act ya 2010. Alembereni mabwana kalata yopempha kabati yokhoma, laputopu ya pasiwedi ndi foni ya ntchito, inu musunge kope lake.

Mphunzitsi wa ku Songani: Koma mwandiopsa mayi. Ine ndinatenga ngongole ya fizi chaka chatha, ndimayesa pepala langa lili mu sefa. Chonde mukamaimbira anthu, tsekani windo ndipo musatchule dzina mokweza. Ngongole si umbava, timatenga chifukwa cha mavuto.

Mayi wa ku Sadzi: Malamulo ali apo, koma ntchito ikusowa. Mukapita nokha adzati ndinu wovuta. Muli angati amene mwalandira chikalatacho? Lembani kalata imodzi, musayine nonse.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Tilipo asanu, ndipo atatu avomera kale kuti tikumane mawa masana. Katoni ndaibweza kuofesi m'mawa uno, ndangotsala ndi mafayilo anayi amene ndikugwira sabata ino. Aphunzitsi, mwanena zoona, ndipo bambo aja ndikufuna ndikawapepese ndekha. Funso latsala: ndiwauze kaye abwana za nkhani ya pawindoyi tisanapereke kalata, kapena ndikatero ndadzipereka ndekha?