Za pho zija, ndakalawa

Anzanga, paja ndinafunsa ngati pho, msuzi wa ku Vietnam womwe akugulitsa pa lesitilanti yatsopano kuno ku London, ungakhutitse munthu wozolowera nsima, komanso ngati nyama yake imakhaladi yaiwisi. Ndapitako tsopano.

Nyama ya ng'ombe amaidula mopyapyala kwambiri n'kuiyala yaiwisi pamwamba pa manudozi a ufa wa mpunga. Akathira msuzi wowira, imapsa inu mukuona. Ndiye mantha aja tayani.

Nkhani yonse ili mu msuzimo. Mafupa amawawiritsa maola ambiri pamodzi ndi anyezi ndi jinja zowamba pamoto, sinamoni ndi star anise (chokometsera chakudya chooneka ngati nyenyezi), n'kuthiramo msuzi wa nsomba wamchere. Kuuona ngati madzi chabe, koma fungo lake, ayi ndithu! Pambali anandipatsa mandimu, tsabola, masamba onunkhira otchedwa basil ndi nyemba zophukira. Kameneka ndi kadyedwe ka kummwera kwa Vietnam, komwe pho anafalikira anthu ambiri atasamukirako kuchokera kumpoto mu 1954. Ku Hanoi, likulu la dzikolo lomwe lili kumpoto, sachulutsa zimenezi.

Zokhuta? Mbale yaikulu ndinaimaliza movutikira, koma pofika usiku njala inali itabwerera. Tsabolayo muziika pang'onopang'ono, amaluma zedi.