"Walira mvula walira matope": kodi mwambiwu ukukwana pa nkhani ya -O2?

kachidutswa

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "walira mvula walira matope" umanenedwa kwa munthu wotani kwenikweni? Ena amati ndi chenjezo loti usamapemphe zinthu mwachisawawa, ena amati ndi mawu otontholetsa wodandaula. Ndikufuna kuugwiritsa ntchito pofotokoza za debug info, uthenga umene compiler imalemba wothandiza pofufuza zolakwika mu pulogalamu. Pulogalamu ya C ikamangidwa ndi gcc -g -O2 (-g imaonjezera debug info, -O2 ndi optimization yoti pulogalamu izithamanga), GDB, chida chofufuzira zolakwika, imayamba kuyankha kuti "optimized out", nayo perf probe, yoika ma probe olondera pulogalamu ikamayenda, imakana kuwerenga variable zina. Kodi amenewa ndi matope a mvula imene tinalira tokha?

mlimi_wa_makodi

Achimwene, mwambiwu suletsa kulira mvula ayi. Mlimi wosafuna mvula ndi ndani? Umanenedwa kwa munthu amene chabwino chamufikira, koma wayamba kung'ung'udza ndi zimene chabwinocho chabwera nazo. Akumuuza kuti pirira, zimayendera limodzi.

Pamenepo ukukwana ndithu. Pa -O0, pamene palibe optimization, variable iliyonse imakhala ndi malo ake pa stack, ndipo DWARF, kalembedwe ka debug info, imangolemba malo amodziwo. Pa -O2 variable ndi yosamukasamuka. Pa x86-64 argument yoyamba imafika mu register ya rdi, kenako compiler imatha kuikankhira mu rbx, kenako n'kuitaya ikaona kuti ntchito yake yatha. Ndiye DWARF imayenera kulemba mndandanda wonena kuti kuyambira adiresi iyi mpaka iyi ili apa, kuyambira apo ili apo. Mu DWARF 5, imene GCC 11 inayamba kutulutsa popanda kuuzidwa, mndandandawu umakhala mu .debug_loclists. Pamene mndandanda wasiya mpata ndi pamene GDB imakuuzani kuti "optimized out". Liwiro munalifuna nokha.

nachisale_x86

Ndikugwirizana nanu pa tanthauzo, bambo, koma musaunjike zonse pa mvula. Mpata woonekeratu ndi matope eni eni, amenewo tipirire. Choopsa ndi pamene chida chakupatsani nambala yabodza osadandaula n'komwe.

Wogwiritsa GDB akapeza mpata amatha kusuntha mzere umodzi n'kuyesanso. Probe ilibe mwayi umenewo: imaima pa adiresi imodzi, n'kutola chilichonse chimene chili pamalo pamene yauzidwa, kambirimbiri. Ndiye taonani zimene zimachitika.

Function ikalowetsedwa m'kati mwa inzake, inline ija, uprobe (probe ya pa pulogalamu wamba, osati pa kernel) yoikidwa pa dzina la symbol imangoona maulendo odutsa pa thupi loima palokha. Ena onse amadutsa kuseri, ndipo chiwerengero chanu chimatsika popanda uthenga uliwonse. Chida chowerenga DW_TAG_inlined_subroutine, monga perf probe kapena SystemTap, ndi chimene chimatha kuika probe paliponse pamene function-yo yabzalidwa.

China: GCC imapanga mapasa a function okhala ndi mayina otha ndi .constprop.0, .isra.0 kapena .part.0. M'mapasawa argument ina imatha kuchotsedwa, kapena pointer n'kusinthidwa ndi chinthu chimene inkaloza. Mukawerenga arg1 mu bpftrace, chida china choika ma probe, mukungowerenga register ya rsi basi, kaya muli chimene code yanu ikunena kaya ayi. Musanakhulupirire nambala iliyonse, yendetsani nm, yosonyeza mayina a symbol, muone ngati mapasa alipo, kenako perf probe -x ./pulogalamu -V dzina kuti muone variable zimene zikufikirika pamalopo.

Ndipo musaganize kuti -O0 ndi kumwamba, chilala chili ndi fumbi lake. Pa instruction yoyamba ya function, DWARF imaloza pa stack, pamene prologue, code yoyambirira yokonza stack, sinakoperepo argument kuchokera mu register. Probe ikawerenga pamenepo imatola zinyalala za function imene inadutsapo kale. N'chifukwa chake perf probe imalumpha prologue ikazindikira kuti pulogalamu inamangidwa popanda optimization.

mlimi_wa_makodi

Mwalasa, mayi. Makolo ponena mwambiwu sankaletsa kukumba ngalande.

Ku GCC, -g sisintha code yotuluka, choncho palibe chifukwa choisiyira pa -O2. Mangani nayo, patulani DWARF ndi objcopy --only-keep-debug, chitani strip kuti muichotse mu binary, ndipo sungani fayilo ya DWARF-yo molingana ndi build-id, chizindikiro cha binary-yo, kaya pamanja kaya ndi debuginfod, seva yogawa debug info. Mukamanganso mawa n'kumati ndi imodzimodzi, maadiresi akhoza kusiyana, probe n'kugwera pena.

Function imene mukudziwa kuti mudzailonda ipatseni attribute ya noipa, yopezeka kuyambira GCC 8. Noinline payokha siletsa mapasa aja. Choposa apo ndi USDT ya sys/sdt.h, probe yolembedweratu mu code: imaika nop imodzi, instruction yosachita kanthu, n'kulemba malo a argument mu .note.stapsdt pa nthawi yomanga, ndiye sidalira mndandanda wa DWARF.

Za call stack, mndandanda wa ma function amene aitanana, ndi nkhani ina. perf record --call-graph dwarf imakopera ma byte 8192 a stack pa sample iliyonse, fayilo imatupa, ndipo stack yozama imaduka pakati. Frame pointer ndi yotchipa powerenga, moti Fedora 38 ndi Ubuntu 24.04 anayamba kumanga mapaketi awo ndi -fno-omit-frame-pointer.

kachidutswa

Zikomo kwambiri nonse. Nanga -Og, optimization yopepuka yokomera debug, si ndiye kamvula kowaza kopanda matope?

nachisale_x86

Kowaza, koma pansi pamanyowabe. "Optimized out" mudzaionabe apo ndi apo, makamaka variable ikagwiritsidwa ntchito komaliza. Komanso imene ili pa seva ndi ya -O2 ija, ndipo vuto la thread ziwiri zolimbirana malo amodzi likhoza kubisala mukangosintha flag. Londani binary imene ikuvutayo.