Nanga makawuboyi a ku Las Vegas anachokera kuti?

Nambewe wa ku Area 25:
Abale, ndithandizeni. Mlamu wanga ali ku Las Vegas kumsonkhano wa ntchito, ndiye akutitumizira zithunzi pa WhatsApp. Zambiri ndi za mahotela onga nyumba zachifumu, koma china ndi cha chimunthu cha magetsi chovala chipewa cha kawuboyi, ndudu ili pakamwa. Kodi mzinda wa jugawu unayamba ngati mudzi wa oweta ng'ombe? Nanga m'chipululu muja ng'ombezo zinkadya chiyani?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi Nambewe, mwamuonayo ndi Vegas Vic. Anamuimika mu 1951 pa Pioneer Club mumsewu wa Fremont, ndipo ndi wamtali pafupifupi mamita 12. Koma asakunamizeni ndi chipewa chakecho. Mafamu analipo ndithu pafupi ndi akasupe, koma chimene chinabala tauniyi ndi njanji. Mu May 1905 kampani ya sitima zoyenda pakati pa Los Angeles ndi Salt Lake City inagulitsa mapuloti, poti pamalopo sitima zinkamwerapo madzi.

Mu 1931 boma la Nevada linaloleza juga, ndipo chaka chomwecho ntchito yomanga damu la Hoover inayamba. Antchito ankagona ku Boulder City, kumene mowa ndi juga zinali zoletsedwa, ndiye akangolandira malipiro, liwiro la ku Fremont. Damu litatha mu 1936 anthu aja anabalalika, eni mabizinesi n'kuyamba kukanda mutu. Nzeru imene anapeza inali yokopa alendo a ku California powagulitsa moyo wachikawuboyi umene ankauonera m'makanema.

Hotela yoyamba pamsewu umene lero amati Strip inali El Rancho Vegas, ya Thomas Hull, mu 1941. Chaka chotsatira kunabwera Last Frontier, ndipo awa ndiye anachita kunyanya: alendo ankakawatenga kubwalo la ndege pa ngolo yokokedwa ndi mahatchi, n'kuwamangiranso katchalitchi kamatabwa komangitsiramo maukwati, Little Church of the West. Onsewa anamanga kunja kwa malire a mzinda, kuthawa misonkho ndi malamulo a khonsolo. Mpaka lero Strip sili mumzinda weniweni wa Las Vegas.

Wa ku Joni:
Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma si onse anali ovala chipewa chobwereka. Benny Binion, amene anatsegula kasino ya Horseshoe mu 1951, anakulira ku Texas pakati pa ogulitsa mahatchi, ndipo anali ndi famu yake ku Montana. Kungoti ku Dallas anachokako milandu ili kumsana. Ndi iyeyu anayambitsa mpikisano wa juga ya makadi wa World Series of Poker mu 1970. Kuno nako nzeru yothawira kumene lamulo silifika tikuidziwa: Sol Kerzner anatsegula Sun City mu 1979 ku Bophuthatswana, dera limene boma la tsankho linkaliyesa dziko lapalokha, chifukwa mu South Africa makasino anali oletsedwa.

Nachisale:
Ine chimene chimandiwawa n'choti m'mahotela amenewa munthu wakuda ankaloledwa kuimba ndi kutsuka mbale, koma osati kugonamo kapena kutchova juga. Woimba wakuda Sammy Davis Jr. ankati akasangalatsa azungu pa Strip, n'kupita kukagona ku Westside, dera la anthu akuda. Hotela ya Moulin Rouge, yolandira mitundu yonse, inatsegulidwa mu 1955 koma sinathe n'chaka chomwe. Tsankholi eni mahotela anavomera kulisiya mu March 1960, anthu akuda ataopseza kuti achita zionetsero pa Strip pomwepo.

Nambewe wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Ndiye bwanji pazithunzi za mlamu kawuboyi ndi mmodzi yekha?

Mphunzitsi Wopuma:
Fashoni inatha, mayi. Hotela ya Flamingo ya chigawenga Bugsy Siegel itatsegulidwa mu December 1946, anthu andalama anayamba kukonda zonyezimira, ndipo pofika 1966 Caesars Palace inali ikuveka antchito ake ngati Aroma. El Rancho inapsa mu 1960, Frontier anaigwetsa ndi mabomba mu 2007. Vic yemwe anamudula chipewa kuti akwane pansi pa denga limene anafolera msewu wa Fremont cha m'ma 1995. Katchalitchi kaja kokha kakumangitsabe maukwati, ngakhale anakasamutsa kangapo. Auzeni alamuwo akakaone kumapeto a Strip chakummwera, kufupi ndi hotela ya Mandalay Bay.