Ndithandizeni, mwana wa Sitandade 1 akukanika maphatikizo

Moni nonse makolo ndi aphunzitsi muno. Ndili ndi mwana wazaka 6, ali Sitandade 1 kuno ku Dedza, teremu yachiwiri. Malembo a liwu, a e i o u, amawatchula bwinobwino, koma ndikamulembera "ma" kapena "ni" amangoyang'ana, kenako n'kutchula zongoganizira. Pa b ndi d ndiye amasokoneza kwambiri.

Ndayesa kumulembetsa ndi chala pamchenga, ndamudulira makadi a makatoni, madzulo timawerenga limodzi buku lake la Chichewa, koma sizikusintha. Aphunzitsi ake akuti ana m'kalasimo ndi ochuluka zedi, sangathe kukhala ndi aliyense payekha, ndipo ndikuwamvetsa.

Inu amene munadutsamo, munachita chiyani kuti mwana ayambe kuphatikiza malembo? Kodi ndidekhe kaye, kapena pali vuto lofunika kulionetsa?