Mawu a Miku akuphatikana pa tempo ya 170, tiyambire pati?

Keys_Studio: Akuluakulu, thandizeni. Kasitomala akufuna nyimbo ya Chijapani ya masekondi 90, woyimba Hatsune Miku V4X (pulogalamu ya pa kompyuta yoyimba mawu ndi manoti omwe mwalemba), tempo 170. Pa kolasi pali manoti a 1/16 ondondozana ndipo mawu akungomveka ngati phala. Ndakweza EQ (chida chokweza kapena kutsitsa magawo a mawu) pa 4 kHz koma zangoyamba kulasa m'makutu. Mundiuzenso nyimbo zoti ndiziyerekeza nazo.

Madala_Mix: Achimwene, bwezerani EQ ija pa ziro kaye. Vuto lili mu editor, momwe mumalemba manoti ndi mawu a Miku. Kampani ya Crypton pomutulutsa Miku mu 2007 inalemba kuti amayimba bwino pa tempo ya 70 mpaka 150, pa manoti a A3 kukafika E5. Inu muli kunja kwa malire, ndiye silabo iliyonse muigwire ndi manja.

Yambani ndi VEL. Ambiri amaiyesa voliyumu, pomwe ntchito yake ndi kutalika kwa konsonanti, ndipo imayambira pa 64. Mukaitsitsa, konsonanti imatalika n'kudya vawelo ya noti ya m'mbuyo. Phala lanu likuchokera pamenepo. Pa manoti othamangawo ikwezeni ifike 90 kapena 100, makamaka pa s, sh ndi ts. Pa liwu loyamba la mzere, pomwe kumbuyo kuli mpata, itsitseni ifike 40 kuti liwulo lilowe ndi mphamvu.

Chemwali_wa_Vocal: Onaninso kalembedwe. Pulogalamuyi imayimba zomwe mwalemba basi. は ikakhala yolumikiza mawu imatchulidwa "wa", choncho lembani わ. Chimodzimodzi へ ikhale え, を ikhale お. Ka っ kakang'ono musakapatse noti: fupikitsani noti ya m'mbuyo, pasiyike kampata ka 1/32.

China chomwe ife olankhula Chichewa chimatipita: timatchula vawelo iliyonse mokwanira, koma Mjapani ponena "desu" kapena "suki" u ija amangoinong'ona. Tsegulani phoneme (zizindikiro za katchulidwe), M yoimira u muisinthe ikhale M_0, ndipo i ikhale i_0 pomwe pakufunika. Mzere umapepuka nthawi yomweyo.

Keys_Studio: M_0 ija yathandiza kwambiri, chemwali. Nanga nyimbo zomvera?

Chemwali_wa_Vocal: Iliyonse muimvere chinthu chimodzi. "Senbonzakura" ya Kurousa-P, ya 2011, ili pa 154, pafupi ndi yanu: mverani mmene silabo iliyonse yadulidwira isanagunde inzake. "Melt" ya ryo, ya Disembala 2007, ndi ya manoti aatali ndi kakwezedwe ka mawu pa kolasi. "Tell Your World" ya kz ikuphunzitsani kuti mawu a makina osabisidwa amakoma akakhala pa zida zoyera. Koma "Hatsune Miku no Shoushitsu" ya cosMo, ya tempo 240, musaitenge ngati muyezo wa kumveka kwa mawu. Liwiro limenelo ndi ladala, n'kovuta kuti munthu alitsate ndi pakamwa.

Madala_Mix: Zikakhala bwino mu editor, tulutsani fayilo ya WAV youma, yopanda reverb (kumveka ngati muli m'holo), pa sample rate yofanana ndi ya polojekiti. Fayilo ya 44.1 kHz ikaseweredwa ngati 48 osasinthidwa, imathamanga ndipo mawu amakwera kupitirira semitone imodzi. Kenako dulani za pansi pa 120 Hz, chotsani 2 kapena 3 dB pakati pa 3 ndi 4 kHz pomwe Miku amalasa, de-esser (chida chochepetsa kulasa kwa s) ikhale cha pa 7 kHz. CLE ya mu editor (yowalitsa mawu) musaipyoze 20, imabweretsa kukhakhala. Ndipo magitala ndi synth muwatsitse pang'ono cha pa 2 kHz nthawi yomwe akuyimba, m'malo mokweza iyeyo.

Bass_Mkulu: Poti ndi ntchito yolipidwa, werengani laisensi musanapereke. Kugulitsa nyimbo yokhala ndi mawuwo ndi nkhani ina, kuika dzina kapena chithunzi cha Miku pa malonda ndi nkhani inanso, imafuna chilolezo cha Crypton. Piapro Character License, laisensi ya Crypton ya dzina ndi chithunzi cha Miku, imaloleza zosagulitsa zokha.

Keys_Studio: Ndamva, madala. VEL ili pa 95, mipata ya っ ndaika, kolasi yayamba kumveka liwu ndi liwu. Kwatsala E5 ya kumapeto yomwe ikuonda.

Madala_Mix: Pa noti imeneyo yokha kwezani GEN (yosintha kunenepa kwa mawu) kuchoka pa 64 kufika 70, mawu anenepe. DYN (voliyumu) ijambuleni ikwere pang'onopang'ono kuyambira pakati pa noti.