Chifunga chikaphimba bwalo, ndege imadikira mpaka liti?

mlendo: Akuluakulu, bwalo likakutidwa ndi chifunga, woyendetsa amadziwa bwanji kuti basi, tikatere kwina?

wamlengalenga: Masamu amayambira pansi, achimwene. Pamafuta aulendo amawonjezera 5 peresenti, kenako okafikira bwalo lachiwiri, kenakonso omaliza a mphindi 30 omwe sayenera kukhudzidwa. Otsala pamwamba pa amenewa ndiwo ozungulira nawo podikira. Akatha, nkupita ku bwalo lachiwiri lija basi.

nsanja: Pa ILS (zida zotsogolera ndege potera) ya gulu loyamba, Cat I, woyendetsa amatsika mpaka mafiti 200. Akapanda kuwona magetsi a msewu wa ndege, amakweranso. Kukwerako kumamwa mafuta koopsa, moti kuyesa kachitatu kumakhala kutchova juga. Musaiwalenso kuti anzanu onse akuthawira bwalo lachiwiri lomwelo, mukapeza mzere.

wamlengalenga: Zoona. Mawu ouza owongolera ndege apansi nawonso ndi nkhani. "Minimum fuel" ndi chenjezo chabe, sakudumphitsani mzere. Mukawona kuti mutera omaliza aja atadyeka, nenani "Mayday fuel", mawu olengeza ngozi. Ndege ya Avianca 52 inagwa pa 25 Januwale 1990 pafupi ndi New York, itazungulira kupitirira ola. Oyendetsa ankangoti mafuta akutha, osatchula kuti ndi ngozi. Anthu 73 anafa.