Achemwali anga ali ndi multiple sclerosis ndipo kutopa kwawakulira: kodi ndikuwathandiza kapena ndikuwalanda mphamvu?

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka anamwino ndi inu amene mukukhala ndi matenda a multiple sclerosis. Achemwali anga, a zaka 34, anawapeza ndi matendawa zaka ziwiri zapitazo, diso limodzi litayamba kuona mwachimbuuzi ndipo miyendo itayamba kuchita dzanzi. Adokotala anatifotokozera kuti chitetezo cha m'thupi mwawo chikuwononga myelin, kachikuto kamene kamakuta mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana, choncho uthenga wochoka ku ubongo umayenda mochedwa kapena umasokonekera panjira. Akulandira mankhwala ochepetsa kubwerera kwa matendawa, ndipo diso linakhalako bwino, koma kutopa sikunasunthe ngakhale pang'ono.

Kutopa kwake si kumene ine ndimakudziwa. M'mawa amadzuka ali bwino ndithu, koma ikamakwana 11 koloko amakhala atatheratu, moti ngakhale kuyankha funso losavuta kumawalemera. Akasamba madzi otentha, miyendo imalefuka ndipo amayenera kugona kaye. Abale ena amanong'ona kuti ndi ulesi, popeza munthuyo akaonekera kunja amaoneka wathanzi. Ine, chifukwa cha chisoni, ndinatenga ntchito zonse za pakhomo, mpaka kuwasankhira zovala, koma sabata yatha anandiuza akulira kuti ndawasandutsa mlendo m'nyumba mwawo. Mawu amenewo andisowetsa tulo. Ndikupempha malangizo: kodi namwino amamuphunzitsa chiyani munthu wotere kuti azidzisamalira yekha, nanga ine ndilekere pati powathandiza?

Yankho la namwino wa odwala matenda a mitsempha:

Zikomo mayi chifukwa chofotokoza bwino chonchi. Choyamba, auzeni abalewo kuti kutopa kumeneku ndi chimodzi mwa zizindikiro zofala kwambiri za matendawa, moti pa odwala anayi alionse, atatu kapena kuposerapo amakumana nako, ndipo ambiri amati kumawavutitsa kuposa dzanzi kapena kupweteka. Mtsempha umene wasupuka chikuto chake umafuna mphamvu zambiri kuti utumize uthenga womwewo, ndipo ubongo umakakamizika kugwiritsa ntchito mbali zake zambiri pa chinthu chimene kale chinkachitika mosavuta.

Musanayambe kusintha za panyumba, pemphani adokotala kapena namwino wawo afufuze zinthu zina zimene zimaonjezera kutopa, chifukwa zimenezi n'zimene zimachizika msanga. Ndikunena za kusagona bwino, kudzuka kawirikawiri usiku kukakodza, matenda a m'njira ya mkodzo, kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, kuvutika maganizo, ndiponso mankhwala ena monga baclofen amene amafewetsa minofu koma amabweretsa tulo. Ndaonapo odwala amene ankaganiza kuti matenda awo akula, pamene vuto linali la m'chikhodzodzo basi. Pali mafunso asanu ndi anayi oyezera kukula kwa kutopa, otchedwa Fatigue Severity Scale, amene Lauren Krupp ndi anzake anakonza mu 1989, ndipo wodwala amayankha lililonse posankha nambala kuyambira 1 mpaka 7. Akayankha lero n'kudzayankhanso pakapita miyezi itatu, mumaona ngati zimene mukuchitazo zikuthandiza, m'malo mongodalira kukumbukira.

Tsopano pa funso lanu lenileni. Pa maphunziro a unamwino timaphunzira za Dorothea Orem, namwino wa ku America amene mu 1971 anafotokoza kuti chithandizo chili pa magawo atatu: kumuchitira wodwala zonse pamene sangathe chilichonse, kugawana naye ntchito pamene akutha zina, ndiponso kumuphunzitsa ndi kumulimbikitsa pamene angathe yekha akadziwa njira yake. Malinga ndi zimene mwalemba, achemwali anu ali pa gawo lachitatu ndi lachiwiri, koma inu mwawaika pa loyamba. Sindikukudzudzulani, chifukwa pafupifupi aliyense wokonda m'bale wake amalakwitsa pomwepa, koma munthu akalandidwa ntchito zonse minofu imafooka, mtima umagwa, ndipo kutopa kumakula.

Chimene timaphunzitsa ndi kugawa mphamvu za tsiku ngati chinthu chowerengeka. Kwa masabata awiri alembe zimene achita ola lililonse ndi mmene atopera, kuti muone nthawi imene amakhala ndi nyonga. Popeza mwati m'mawa amakhala bwino, ntchito imene iwo amaiona kuti ndi yofunika kwambiri ichitike nthawi imeneyo, ndipo asankhe okha. Ntchito yaikulu aziidula m'zigawo, azipuma asanatope, ndipo chilichonse chotheka kuchita atakhala pansi, monga kusamba, kuvala kapena kukonza chakudya, asachichite chiimire.

Za madzi otenthazo n'zodziwika kuyambira kale: mu 1890 dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, anaona kuti odwala ena ankaona movutikira akachita masewera olimbitsa thupi, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti chifukwa chake n'kutenthedwa kwa thupi. Kutentha kwa thupi kukakwera ngakhale pang'ono, mtsempha wowonongekawo umalephera kutumiza uthenga, koma thupi likazizira zinthu zimabwerera mwakale. Azisamba madzi ofunda pang'ono, azimwa madzi ozizira, ndipo apewe dzuwa la masana. Koma chizindikiro chatsopano chikapitirira maola 24 popanda kutentha thupi kapena matenda ena, apite kuchipatala, chifukwa kungakhale kubwerera kwa matendawa.

Pomaliza, musawaletse kulimbitsa thupi. Kale odwala ankauzidwa kuti azingopuma, koma tsopano zikudziwika kuti kuyenda pang'ono, kupalasa njinga ya m'nyumba kapena kusambira m'madzi ozizirirapo kumachepetsa kutopa, bola ayambe ndi mphindi zochepa motsogozedwa ndi katswiri wa fizo, amene amathandiza odwala kulimbitsa thupi. Pa za mapiritsi ochepetsa kutopa, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2021 anayerekeza amantadine, modafinil ndi methylphenidate ndi mapiritsi opanda mankhwala, ndipo sanapeze kuti atatuwo akuposa, ngakhale adokotala amawayesabe kwa odwala ena.

Yankho la bambo amene akukhala ndi matendawa:

Ndakhala ndi matendawa kwa zaka zambiri, ndipo ndikugwirizana ndi anamwino pa zonse kupatula chimodzi. Kulemba ola lililonse kunanditopetsa kwambiri moti ndinasiya pa tsiku lachitatu, chifukwa kuganiza ndi kulemba nakonso kumadya mphamvu ngati kuyenda. Chimene chinandithandiza ndi kungochonga katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo chithunzi chake chinaoneka chimodzimodzi.

Chenjeraninso ndi tsiku labwino. Ukadzuka uli ndi nyonga umafuna kubweza ngongole ya ntchito zonse zimene zinatsalira, kenako umagona masiku awiri. Zinanditengera nthawi yaitali kuvomereza kuti ndiyenera kuleka ntchito ndikadali ndi mphamvu, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kwa inu mayi, ndinganene kuti muzifunsa musanagwire kanthu. Mkazi wanga amandifunsa kuti, "Pa ntchito za lerozi, ndi ziti zimene mukufuna kuti ndikulandireni?" ndipo funso limenelo limandisiyira ulemu wanga, chifukwa wosankha amakhala ine.

Wofunsa uja:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndawawerengera achemwali mayankho anu, ndipo anena kuti akufuna kuyambiranso kudzichapira zovala zopepuka ndi kusamalira maluwa awo m'mawa, zinazo tigawane. Za kukodza usiku sindinkadziwa kuti n'zokhudzana ndi kutopa, koma andiuza kuti amadzuka katatu kapena kanayi, ndipo sanauzepo adokotala chifukwa cha manyazi. Ndili ndi funso linanso kwa anamwino: kodi kugona masana n'kwabwino, kapena n'kumene kukuwononga tulo ta usiku? Nthawi zina amagona maola atatu.

Namwino uja:

Maola atatu ndi ambiri, ndipo n'kutheka kuti akuchepetsa tulo ta usiku. Ayese kugona mphindi 20 kapena 30 chakumasana, osati madzulo, ndipo nthawi zina kupuma kungakhale kungokhala phee pamalo ozizira popanda foni kapena wailesi. Asachepetse madzi akumwa masana poopa kukodza, chifukwa mkodzo ukakhala wochepa ndi wamphamvu umavutitsa chikhodzodzo ndipo matenda amalowa mosavuta. Achepetse chabe maola awiri kapena atatu asanakagone, ndipo apewe zakumwa zokhala ndi kafeini madzulo. Kudzuka kanayi usiku uliwonse n'kokwanira kutopetsa ngakhale munthu wopanda matendawa, choncho nkhani imeneyi ikhale yoyamba kuitchula akapita kukaonana ndi adokotala, ndipo apemphe kuti ayezedwe mkodzo ndi kuona ngati chikhodzodzo chikutulutsa wonse.